Nyimbo ya Amayi pa chimbale cha Lufeyo

Lachitatu, mwezi wa Juni. Ndaswera ndi mkwiyo.

Ndikukumbukabe mng'ono wanga Lufeyo ali mwana ku Ntcheu, akugogoda chitini motsatira nyimbo imene Amayi ankaimba posinja. Lero nyimbo yomweyo ili pa chimbale cha jazi chimene wajambula ndi anzake awiri, iye pa ng'oma. Nyuzipepala yachiyamikira, koma ikuti nyimboyo ndi ya Apedi, mtundu wa anthu a dziko la eni limene tikukhalali, poti Lufeyo analembetsa pa chimbalecho dzina la Chipedi limene lili pa pasi yake, chiphaso chobisa zoti ndi mlendo kuno.

Ndalemba kalata yopita ku nyuzipepalayo yowatsutsa. Mkazi wanga ataiwerenga anati, "Abambo, mukufuna apolisi amubweze kumudzi mng'ono wanuyo?"

Ndiye Amayi afufutidwe ine ndili chete?

Chitulukireni chimbalecho Lufeyo wakhala akundizemba. Madzulo ano watumiza mawu kuti tikumane Loweruka ku lokeshoni ya Soshanguve, ndipo kalatayo ndiitenge.