Lonjezo ndi Utsi wa ku Makata

Ndirande, Blantyre
21 Julayi 1996

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa ine ndi mdzukulu wanu Lonjezo. Kodi mwendo uja wasiya kutupa chibwerereni kumaliro? Ndikuthokoza kuti munayenda nawo ulendo wonse uja kuchokera ku Nsanje. Kuno tikudzuka, ngakhale chiperoni chatikhalira pakhomo.

Pamaliro sitinapeze mpata wocheza. Uthenga unandipeza ndili pamwamba pa thanki kuntchito, ndikutokosa timabowo towazira madzi. Ndinaona a Hamis, anzanga a pashifiti, ataima pansi chipewa chili m'manja, osandiitana. Ndinatsika ndikudziwa kale kuti mpongozi wanu Petronela watisiya kuchipatala kuja.

Mng'ono wanga Chrispin wandifikitsira mawu anu, akuti Lonjezo abwere kumudzi chifukwa utsi umene unakulitsa mphumu ya mayi ake umutenganso. Sindikukutsutsani, Amayi. Zaka zonse zija mwaye wa malasha unkagwera m'mbale, Petronela akugona chokhala. Koma ndiloleni ndikufotokozereni ntchito yanga, poti sindinakuuzenipo bwino.

Chibwerere matipate anthu a kuno anayamba kulankhula, mpaka eni fakitale yathu ku Makata anagula makina otsuka utsi. Ndi thanki yaitali ngati nsanja ya belu kutchalitchi. Utsi wa boila umalowera kunsi, n'kukumana ndi madzi a laimu amene pampu imawaza kuchokera pamwamba. Mwaye ndi fungo lija loyabwa kukhosi zimatsalira m'madzimo, n'kutsika ngati matope akuda. Pachumuni pamatuluka nthunzi yoyera. Buku lake ndinaliwerenga mpaka linathothoka, koma mwachidule n'kusambitsa utsi basi. Kwa Petronela makinawa anafika chifuwa chitatha kale.

Pampu ikafa, chizolowezi cha pantchito n'kutsegula khomo la pambali kuti utsi utuluke wosasamba, ntchito isaime. Tsiku limene munakhala pasiwa panja paja, pampu inafa, mphepo ikuwombera kuno ku Ndirande. Kapitawo analamula kuti atsegule. A Hamis anayankha kuti kumene utsiwo ukupita kwagona mlamu wawo, ndipo iwo sangathire mwaye anamfedwa. Anati ngati kapitawo akufuna, akwere makwerero yekha ndi mimba yakeyo. Anyamata anaseka, koma palibe anakwera. Anazimitsa boila, n'kulimbana ndi pampu mpaka inadzuka.

Izi ndinazimva kwa a Zeinabu, akazi a Hamis, atabwera ndi mandasi a Lonjezo. Nditapita kukathokoza a Hamis eni ake, anangondikumbutsa kuti ndibweze sipanala yawo.

Chichitikire zimenezi khomo lija silinatsegulidwe. Sindingalumbire kuti silidzatsegulidwanso, chifukwa fakitale si yanga. Koma nyengo yozizira ino Lonjezo sanabanikepo. Akupita kusukulu, akusewera fulaye ndi anzake mpaka ndichite kumukalipira. Ndikakhala kuntchito amamusunga a Joan a khomo loyandikana nafe, ndipo amayi a mumphakati sanasiye kutiyendera. Vuto lilipo ndi tsitsi lake likadzamera, poti manja angawa amadziwa mabawuti okha.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi: musatume Chrispin kudzamutenga. Akadzabanika ngakhale kamodzi, ndidzabwera naye ndekha, simudzachita kundiitana. Madzulo ndimamuwerengera mabuku obwereka ku laibulale, iye n'kumandigwira ndikalumpha mzere, monga ankachitira mayi ake. Ndikamupereka, ndidzawerengera ndani?

Mundiperekere moni kwa amalume a Rafaeli, kwa achemwali Angela ndi alamu, komanso kwa apongozi anga, amene ndiwalembera paokha mtima ukakhala pansi. Chrispin musamukalipire, wafikitsa mawu anu onse osadula.

Kuno tatsala awiri, ine ndi mwanayu, ndipo masana zenera timalisiya lotsegula.

Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Venansio