Buku la Firiji Yachitatu

9 Okotobala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kupatula mayi a ana amene bondo lija limawavutabe kukazizira. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni ndimachita chibwibwi, inu n'kuyamba kundimalizira mawu, pamene nkhani iyi ndikufuna ndiimalize ndekha. Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha, koma ndiyambe ndafotokoza kuti mumvetse chifukwa chake.

Ntchito yanga mumaidziwa patalipatali. Mumangoti ndimakolopa kwa madokotala, ndipo si bodza. Ndimakolopa, ndimatsuka timabotolo, komanso kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikusunga buku la mafiriji. M'chipinda chakumapeto muli mafiriji anayi ozizira koopsa, moti ukagwira chitsulo chamkati wopanda magolovesi chala chimamatirira. M'menemo amasungamo magazi a odwala. Kawiri pa tsiku, 7 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana, ndimawerenga nambala ya pachitseko cha firiji iliyonse, kulemba m'buku, n'kusaina. Sindifufuta, sindidumpha mzere. N'chifukwa chake adalaivala athu ananditcha a Kalembera, dzinalo n'kukhazikika.

Bwana wanga ndi a Dokotala, mayi amene amafufuza za matenda opatsirana, makamaka aja oumitsa khosi mwa ana. Akapeza chinthu chatsopano amalemba pepala n'kulitumiza kuti lisindikizidwe m'magazini a madokotala. Mpaka pano alemba mapepala 74. Mndandanda wake uli pa bolodi la m'khonde, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse kuli nambala imene asekilitale amasintha mwezi ndi mwezi. Lina lili ndi 9, lina 40, lina 130. Koma pepala la nambala 31 linasiya anzake kutali. Ine ndimapukuta galasi la bolodilo Lolemba lililonse, ndipo zaka zonsezi ndinkayesa kuti manambalawo ndi malikisi, ngati a mayeso. Sindinafunsepo. Munthu wolekeza ku pulayimale sufunsafunsa pakati pa ophunzira.

Sabata yatha Lachiwiri, pepala la 31 lija linakwana 600, ndiye anagula keke. Tinasonkhana m'chipinda chomwera tiyi, a Dokotala n'kundiitana kutsogolo.

"Bwerani kuno a Kalembera, musabisale kuseri kwa chitseko. Pepala ili laima pa buku lanu. Taonani, dzina lanu lili kumapeto kuno, pamene timathokoza."

Anandionetsa, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Adalaivala anati, "Eee, akukuwerengani m'mayiko onse, inu mukupalasabe njinga yopanda mabuleki!" Onse anaseka. Ine chifukwa chosangalala pakamwa panamasuka, ndinafunsa kuti kodi malikisi 600 amenewa ndi pa angati.

A Dokotala sanandiseke. Anati, "Si malikisi, bambo. Aliyense mwa 600 amenewa ndi dokotala wina, kwina, amene polemba pepala lake anatchula lathu, kunena kuti, awa anapeza kale zakutizakuti, ine ndiyambire pamenepa. Zili ngati ife tinaika njerwa yapansi, iwo akumanga pamwamba. Pali zipatala zimene zikuyeza magazi a ana motsatira zimene tinapezazi, n'kudziwa mwana woti amuthamangire kaye kuti ndi uti."

Ndinafunsa kuti nanga njerwa yapansiyo itakhala yosapsa bwino?

"N'chifukwa chake timakusungani inu," anatero, n'kundipatsa chidutswa chachikulu kuposa onse.

Kekeyo sindinadye. Ndinaikulunga m'pepala n'kupatsa alonda pageti.

Achemwali, magazi a pepala limenelo anali mufiriji yachitatu, chaka chimene mayi anatisiya. Tsiku limene munandiimbira kuti awagoneka m'chipatala, ndinali ndikupolisha pansi m'chipinda chija ndi makina. Soketi ya pafupi ndi chitseko inali itafa, ndiye ndinali ndi chizolowezi choipa. Ndinkazula pulagi ya firiji yachitatu n'kulumikiza makinawo, mphindi khumi zokha, kenako n'kubwezera. Foni yanu inalira ndili pakati. Munati, "Ngati ukufuna kuwapeza akulankhula, nyamuka pompano." Ndinazimitsa makina, kukhoma chitseko, n'kuthamangira kokwerera basi. A Dokotala anali ku msonkhano kunja, ophunzira ali pa tchuthi, kiyi ali m'thumba mwanga. Belu lochenjeza la firijiyo linali litafa kale, tikudikira okonza.

Pulagi ndinaikumbukira Lamlungu masana, ndikuwamwetsa mayi madzi ndi supuni. Mwina mukukumbukira kuti supuniyo inagwa. Ndinakuuzani kuti mabwana andiitana, ndipo ndinanyamuka Lolemba m'mawa. Panalibe bwana amene anandiitana. Mayi anatsirizika Lachiwiri ine kulibe, ndipo mawu amene munandiuza nditabwerako, akuti ndili ndi mayi wina wachitsulo, sindinawayankhe mpaka lero. Simunalakwitse.

Nditafika kuntchito Lolemba lija ndinapeza madzi pansi, nambala ya pachitseko itazima. Ndinabwezera pulagi n'kukolopa. M'mawa mwake firiji inali itabwerera pa nambala yake ngati sipanachitike kanthu. Ndinatenga buku n'kudzaza mizere yonse yopanda kanthu ndi manambala abwino, ndi cholembera chomwecho, mzere uliwonse n'kusaina. Ndinadziuza kuti magazi aumanso, ndiye palibe chaonongeka. Ndipo popeza ndinkayesa kuti zonsezi ndi mayeso, ndinkati a Dokotala akakhoza basi zatha, mayeso akadutsa sabweranso. Sindinkadziwa kuti pali anthu akumanga pamwamba, ndi ana a eni ake akugona m'nyumbamo.

Tsiku la keke lija nditawafotokozera mayi a ana, anasiya zovala zimene ankasita. "Zaka zisanu ndi zitatu zapita, bambo! Mwatsala ndi zinayi mupume. Wakufunsani ndani?" Ndinati palibe. "Ndiye khalani chete monga munakhalira." Sindiwaimba mlandu, akuganizira ana. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachisanu lapitali ndinalowa m'chipinda chosungiramo katundu, kufufuza m'makatoni mpaka kupeza buku la chaka chimenecho, n'kukagogoda ku ofesi ya a Dokotala. Ndinawapeza akudzaza mafomu, chifukwa mwezi wamawa akuluakulu akhala pansi kuona ngati angawakweze kukhala pulofesa, ndipo chimene amayang'ana kwambiri ndi mndandanda wa pabolodi uja ndi manambala ake. Ndinatsegula buku patebulo n'kunena zonse ndili chiimire, monga ndakulemberanimu. Anavula magalasi.

"Khalani pansi, bambo. Masiku angati?"

"Sindikudziwa bwinobwino, a Dokotala."

"Inuyo? Munthu wosadumpha mzere?"

Ndinati m'bukumo simungaoneke, chifukwa ndinadzaza mosamala kwambiri. Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

"Mukanandiuza sabata yomweyo," anatero, "tikanataya magazi a ana 200 amene anali m'menemo n'kupitiriza ndi otsalawo. Ndikanakukalipirani tsiku limodzi basi."

Mawu amenewo ndiwo akundisowetsa mtendere kuposa onse.

Kenako anandiuza chimene achite. Atenga magazi ena, awaike mufiriji, aizimitse kwa masiku ofanana ndendende ndi aja, kenako awayeze. Akapeza kuti sasintha kwenikweni, alembera a magazini kakalata kofotokoza zimene zinachitika, pepalalo likhalabe. Akapeza kuti asintha, apempha kuti pepalalo lichotsedwe, ndipo onse 600 aja ayenera kudziwa kuti njerwa inali yosapsa. Anati firiji yotseka imasunga kuzizira tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kusiyana kwa masiku atatu ndi asanu si nkhani yaing'ono.

Ndinafunsa za upulofesa uja. "Zimenezo si zanu," anatero, n'kuika mafomu aja m'dirowa. Ndinafunsa za ntchito yanga. "Sindinaganize. Lero musandifunse."

Kuyambira Lolemba kiyi wa chipinda chija ndi buku zili kwa amisiri oyeza magazi a mulabu. Ine ndikungokolopa m'khonde. 7 koloko ikakwana miyendo imandifikitsa yokha pachitseko, ndimasuzumira pagalasi n'kuwerenga manambala ndi maso okha. Onse anayi ali bwino. A Dokotala akundipatsabe moni, koma akungoti bambo. Adalaivala sakudziwa kanthu, dzulo amandifunsa ngati andikweza.

Tsopano pempho langa ndi ili. Kabuku ka kuchipatala ka mayi, kachikuto chobiriwira kaja, kanatsala kwa inu, ndikuganiza kuti kali m'sutikesi pamodzi ndi magalasi awo. Munandiimbira tsiku lomwe anawagoneka, ndiye chidindo cha tsikulo chili m'menemo, cha kumapeto. Mundionere tsiku ndi deti, ndipo ngati analembamo nthawi, nayonso. Musadalire kukumbukira kwanu, monga inenso sindikudalira kwanga. Mutu wanga ukuti linali Lachisanu, koma ndaona kuti mutuwu ukundikomera mtima. Nthawi zina ndimakumbukira kuti ndinagona pabenchi la m'chipatala masiku ambiri kuposa atatu. Ngati mwana wanu wamkulu angajambule tsambalo pa foni, zingakhale bwino koposa, chifukwa a Dokotala sangakhulupirirenso cholembedwa ndi dzanja langa, ndipo ali ndi chifukwa.

Ndisakubisireni, kalatayi ndailemba kawiri. M'yoyamba ndinalemba kuti ngati chidindo chafufutika mungonena kuti Lachisanu. Ndaing'amba. Ndikudziwani, achemwali, mumakalipa koma mumandiikira kumbuyo kuyambira tili ana. Ulendo uno musatero. Mukapeza kuti ndi Lachitatu, lembani Lachitatu. A Dokotala akufuna kuyamba kuyeza sabata ya mawa, ndiye chonde musachedwe.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti njinga ija sindinaikonzebe koma ikuyenda. Moni kwa ana onse. Wamkulu uja, amene mumamuuza kuti atengere amalume ake kusamala ntchito, akafunsa chifukwa chojambulira tsambalo, mumuuze monga mungaonere, ine sindikuletsani. Mayi a ana akuti moni, ngakhale sakudziwa kuti ndalemba zonsezi.

Ndipo poyankha, ngati mtima wanu ungalole, mundiuzenso chinthu china chimene mulibe m'kabukumo. Lolemba lija nditachoka, kodi mayi anandifunsa? Munawayankha kuti chiyani? Zaka zonsezi ndimaopa kukufunsani. Nachonso musachepetse.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
amene akudikira yankho lanu.