Laputopu ya Bambo Sinawonongeke

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo. Bambo akudya bwino, mankhwala akumwa osakakamizidwa, kungoti bondo lija latupanso. Chifukwa chake ndikuuzani.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndayesa kawiri kukuimbirani, koma ndimadula foni isanalire.

Laputopu munatumizira bambo ija, yoti muzionana pa kanema Lamlungu lililonse, sinawonongeke ayi. Mukukumbukira kuti ndinatsegulamo maakaunti awiri monga munanenera: yanga yaikulu, yotha kusintha zinthu, ndi yawo yongogwiritsa ntchito, kuopa kuti angafufute zinthu mwangozi.

Mwezi watha kabokosi ka intaneti kanapsa, ndinagula kena. Dzina la wayifayi linasintha, pasiwedi nayonso. Foni yanga ndinailumikiza tsiku lomwelo. Bambo atayesa pa akaunti yawo, laputopu inafuna pasiwedi ya akaunti yaikulu. Inali ntchito ya mphindi ziwiri, achemwali. Kulemba pasiwedi yanga, kusankha wayifayi yatsopano, n'kuloleza kuti aliyense wa pa laputopupo azilumikiza. Ndinkadziwa bwinobwino. Sindinachite.

Lamlungu la m'mbuyo mwake ndinali kukhitchini, mbale zili m'manja, pamene ndinamva bambo akukuuzani kuti inu ndiye mwana amene mumawakumbukira. Sabata imeneyo ndinali nditaima nawo pamzere kuchipatala maola atatu, n'kuchoka pomwepo kuthamangira kuntchito. Mawu aja anandilasa. Ndinati mumtima, tione ngati wowakumbukirayo adzawachapira zofunda pa kanema.

Ndiye bambo ndinawauza kuti netiweki yavuta dera lonse. Inu ndinakulemberani kuti atopa, agona. Ndinkadziwa kuti pa foni wamba simungalankhule nawo, poti samva bwino, amadalira kuona milomo. Ma Lamlungu atatu anadutsa choncho.

Mukuwadziwa bambo, sakhala manja lende. Anatenga kope n'kumalemba chilichonse chimene ayesa. Kuzimitsa ndi kuyatsanso. Kukokera tebulo pafupi ndi kabokosi. Kutembenuza kabokosiko n'kukopera timanambala ta pansi pake, magalasi ali pamphuno. Zitakanika zonse, anandiitana n'kundinong'oneza kuti ndisakuuzeni, akuganiza kuti awononga okha mphatso yanu. Ine ndinangoti chabwino.

Lachinayi lapitali ndili kuntchito, anakulunga laputopu m'thaulo, kuiika m'chikwama, n'kutenga ndodo yawo ulendo kwa wokonza mafoni wa pamwamba pa sitolo ya nsapato uja. Masitepe onse aja anakwera okha. Wokonzayo anawauza kuti makina ali bwino, akungofuna pasiwedi ya mwini akaunti yaikulu. Anati akhoza kufufuta zonse n'kuyambiranso, koma zithunzi za malemu amayi zipita nazo. Bambo anakana, n'kubwerera.

Nditaweruka ndinawapeza pa tebulo, mwendo atausanjika pa mpando. Sanakalipe. Anandifotokozera zimene wokonza uja ananena, kenako anandifunsa mofatsa ngati pasiwediyo ndaiiwala. Anati kuiwala si mlandu, ngakhale iwo amaiwala pomwe aika magalasi ali nawo kumaso.

Anali atanditsegulira khomo loti ndithawirepo ndi bodza lina. Ndinakhala pansi, ndinalemba pasiwedi ija iwo akuona, timizere ta wayifayi n'kudzaza nthawi yomweyo. Anayang'ana timizereto, anayang'ana ine. Pamenepo ndinaulula zonse, mpaka za mbale zija.

Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati: "Mwana wakutali umamupatsa mawu, poti palibe china ungamupatse. Iwe ndimayesa ukudziwa kale." Atatero anandipepesa. Iwo kupepesa ine, achemwali, bondo lili lotupa chifukwa cha ine! Bola akanandilalatira.

Tsopano zonse zili m'malo. Wayifayi ikulumikiza yokha akangotsegula, ndipo pasiwedi yaikulu ndawalembera m'kope lawo lija kuti asadzadikirenso munthu. Ati nkhaniyi ithere m'nyumba muno, koma ine sindingathe, chifukwa nanunso ndinakunamizani katatu. Mwinanso munkadandaula kuti akudwala ndipo tikukubisirani.

Ndikhululukireni. Ngati muli ndi mawu owawa, ndiimbireni pa foni yanga mundiuze ndekha, ndimva. Koma Lamlungu likubwerali aimbireni bambo nthawi yathu ija, ndipo musawafunse za masabata atatuwa, angachite manyazi m'malo mwanga.

Pali chinanso chimene ndikanayenera kunena kalekale m'malo mochita zauchitsiruzi. Ndatopa, achemwali. Sindikuwadandaula bambo, koma ndatopa. Mukapeza tchuthi bwerani mudzakhale nawo ngakhale sabata imodzi, ine ndipumeko. Zikakanika, mukamaliza kucheza nawo muzingoti andiitane, mundifunse kuti ndadzuka bwanji.

Mundiperekere moni kwa alamu. Ana muwauze kuti agogo awo asunga nthabwala zatsopano, ndipo ine ndazimva kale kanayi. Mulungu akusungeni nonse ndi moyo.

Ndine mng'ono wanu,
Chitsiriza wa m'nyumba mwathu