Nambala ya Nyenyezi pa Kakhadi ka Miran

Lolemba, 14 Okutobala

Tsiku la 43 chimwalirire Miran. Mwambo wa tsiku la 49, womuperekeza komaliza, ndi Lamulungu likubwerali.

Ndatsegula shopu koyamba lero. Fumbi pamabuku onse. Kwabwera munthu mmodzi yekha, wagula dikishonale yakale, sanandifunse kanthu. Ndinamuthokoza chamumtima.

Masana ndinalimba mtima n'kutsegula kachikwama ka Miran kamene achipatala anandibwezera. Muli chopaka milomo, maswiti awiri a jinja, chiphaso cha kudziwe losambira, ndi kakhadi kamene ndimafuna. Manambala asanu ndi awiri, mzere wotsika, zolemba zake zopendekeka zija. Yoyamba ili ndi nyenyezi pambali. Pafupi ndi nyenyeziyo, ndi inki ina, dzanja lonjenjemera: −5.

Ndilembe lonjezo pano kuti ndisadzaname kuti ndinaiwala. Kutatsala masiku anayi kuti amwalire, ali pabedi kuchipatala, anandikoka malaya. "Bambo a Dasom, mukadzachoka kukachisi tsiku la 49, musadzapite kunyumba kukakhala duu ndi mabuku anuwo. Mudzapite ku noraebang mukandiimbire ya nyenyezi. Inuyo, ndi pakamwa panu." Ndinavomera. Sindinafunse kuti ndi nyimbo iti. Ndinkaona ngati kufunsa n'kumulola kuti apite.

Zaka 34 m'banja, sindinalowepo naye ku noraebang, m'kachipinda kolipira koimbira ndi makina, ngakhale kamodzi.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Dasom waimba foni kuchokera ku Seoul nthawi ya nkhomaliro. Afika kuno ku Gunsan Loweruka pa basi ya masana. Anafunsa ngati ndadya, ndinati eya. Anafunsa kuti ndadya chiyani, ndinachedwa kuyankha.

Za lonjezo sindinamuuze. Zimene ananena pamaliro zikadali m'khutu: kuti ndimadziwa pamtima ndakatulo za anthu amene anafa zaka mazana asanu zapitazo, koma sindingatchule dzina la nyimbo imodzi yokha ya amayi ake. Sananame mwanayu. Miran ankatsuka mbale uku akuvina nyimbo za magulu a atsikana a pa TV aja, ena ocheperapo kwa Dasom. Ankawatchula kuti "ana anga". Ankadziwa amene wavulala bondo, amene wachoka m'gulu n'kuyamba kuimba yekha, amene akuoneka kuti sakudya mokwanira. Ine ndinkatseka chitseko cha chipinda chowerengera. Osati mwaukali ayi. Pang'onopang'ono, kuti asamve. Ankamva.

Nyimboyi ndiipeza ndekha. Ndapezapo mabuku amene eni ake anataya mtima kalekale.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndapita. Ndinasankha noraebang ya kuseri kwa siteshoni ya basi, kutali ndi msika, kuti anzake a Miran asandione. Cha m'ma 2 masana, kopanda anthu. Kachipinda ngati kabati ya zovala, maikolofoni atavekedwa kachipewa ka nsalu, buku lofiira la manambala patebulo.

Ndinabaya nambala ya nyenyezi pa rimoti. Ndinali nditakonzeka kumva ng'oma zothamanga. M'malo mwake kunalira lipenga, lolira ngati la pamaliro, ndipo pa sikirini panatuluka dzina la woimba wamwamuna wa nthawi ya bambo anga. Mawu ake: mmalinyero amene anasiya mkazi padoko, akulumbira kuti nyanja yonse singamuiwalitse.

Ndinayang'ananso kakhadi. Ndinayang'ana m'buku lofiira. Nambala ndi yomweyo, nyimbo ndi yomweyo.

Ndinayesa zinazo. Yachiwiri inatulutsa nyimbo ya Chijapani. Yachitatu, makina anati kulibe. Mwina 7 wake ndamuwerenga ngati 1. Kenako ndinakumbukira −5 uja, ndipo ndinadziona wanzeru: ndinachotsera zisanu pa nambala ya nyenyezi n'kubayanso. Kunatuluka kanyimbo ka ana kophunzitsa kutsuka mano. Ndinakamvera mpaka kumapeto, kuopa kuti mwina muli uthenga.

Pobwerera ndinakumbukira zimene malemu apongozi anga anandiuza tsiku lina moseka, kuti ndisanabwere ine panali mnyamata wina wogwira ntchito pa boti la kuzilumba, amene ankabweretsera Miran nkhanu Loweruka lililonse.

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndaimba ya mmalinyero kanayi. Makina andipatsa mamalikisi 58, kenako 61.

Nsanje pa zaka 63, ndi munthu amene sindinamuonepo nkhope. Ndadziseka ndekha pabasi. Komabe ngati ndi amene ankamukumbukira pabedi lija, ndimuimbirabe. Lonjezo silinanene kuti nyimboyo ikhale yonena za ine.

Lachisanu, 18 Okutobala

Lero ndilemba zambiri.

Cha m'ma 11 kunabwera Bokhui, mnzake wa Miran wogulitsa ndiwo zophikaphika kumsika, mmodzi wa amayi atatu amene ankapita nawo kukaimba Lachinayi lililonse masana. Anabweretsa tinsomba tokazinga ndi kimchi ya mpiru. Anandipeza pamakwerero ndikupukuta mashelefu, ndikung'ung'uza. Anaika mbale patebulo, namvetsera, n'kufunsa ngati ndayamba kumwa m'mawa, poti nyimbo imeneyo amaimba ndi madala oledzera a kudoko.

Ndinayesa kuzemba, koma Bokhui sazembeka. Ndinamuonetsa kakhadi, ndi kumufotokozera zonse, za lonjezo, za lipenga, ngakhale za kutsuka mano. Za mnyamata wa nkhanu ndinangotchula pang'ono. 

"Alamu, munapita noraebang iti?"

Ndinamuuza.

"Buku lake linali la mtundu wanji?"

Lofiira.

Anakhala pansi pamulu wa magazini akale n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Ndinaima pomwepo, nsalu yopukutira fumbi ili m'manja. Atapeza mpweya anandiuza zimene akuti ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa: makina oimbira ndi a makampani awiri, ndipo kampani iliyonse ili ndi manambala akeake. Nambala imodzi, nyimbo ziwiri zosiyana. Miran ankaimba pamwamba pa shopu ya makeke a mpunga, kumene buku lake ndi lobiriwira. Ine ndinatenga kiyi wa nyumba ina kukatsegulira nyumba ya eni.

"Mabuku onsewa, alamu, koma limodzi lobiriwira lakugonjetsani. Ndiye mwakhala masiku awiri mukumulirira achemwali ndi nyimbo ya kudoko? Akanamva akanakuthamangitsani ndi chipande."

Sanandipatse mpata wovala jekete. Tinadutsa mumsika monse, iye patsogolo ndi epuloni yake, ine pambuyo ngati mwana wopita kwa aphunzitsi aakulu. Mayi wa pamalopo atandiona anaweramitsa mutu, natipatsa chipinda chachitatu osafunsa. Bokhui anati n'chimene ankakhala nthawi zonse. Miran ankakhala pakona, pafupi ndi fani.

Bokhui anabaya nambala. Kunayamba kaluzu, kenako kuwomba m'manja kanayi, kenako ng'oma.

Ndimaidziwa. Ndi ya mbale. Ndaimva kambirimbiri kudzera pachitseko chotseka, moti mapazi anga ankadziwa pomwe ng'oma isinthire. Mawu okha ndi amene ndinali ndisanawamvepo. Ndi ya gulu la atsikana asanu, akuitana mnzawo amene wadzitsekera m'chipinda. Akumuuza kuti mvula yatha kalekale, ambulera asiye, nsapato amuikira kale pakhomo, iwo sachoka mpaka atuluke. Ndinawerenga mizere ikusintha mtundu pa sikirini. Palibe ndakatulo yozama apo. Ndinavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Bokhui anandipatsa maikolofoni. Ndinayesa. Mawu anakwera, ine ndinatsala pansi, ndikulira ngati tambala wachimfine. Ndinati sizitheka, nyimboyi si ya khosi langa. Iye anatenganso kakhadi, nakayandikitsa kumaso, ndipo anasiya kuseka. Anabaya batani lina kasanu, ndipo nyimbo yonse inatsika, sitepe ndi sitepe, mpaka inafika pomwe mawu anga amakhala.

Ndinafunsa ngati Miran ankaimba motsitsa choncho. Anapukusa mutu. "Achemwali ankaikwera yonse mpaka pamwamba, osatsitsa ngakhale kamodzi. Ankatinyoza ife otsitsa. Zisanuzi ndi za khosi la mwamuna, alamu. Analembera inu."

Inki ina ija. Cholembera cha namwino.

Nyimbo inapitiriza kudziimba yokha. Itatha, Bokhui anamina, nati nthawi ikutha ndipo ndiwo zake zili ndi mnzake wosadziwa mitengo, ndiyambirenso, koma ulendo uno ndisaime ngati mtengo wa magetsi.

Loweruka, 19 Okutobala

M'mawa ndinabwererako ndekha. Chiyambi ndimachedwa kulowa. Pakati pali malo amene mtsikana mmodzi amalankhula mothamanga ngati wotsatsa malonda, mizere isanu ndi itatu osapuma. Lilime langa limagwa pa mzere wachiwiri. Mamalikisi 64.

Ndisanachoke ndinabaya imodzi mwa manambala enawo kuti ndingomva. Yachinayi ndi ya mtsikana woimba yekha, wa mawu otsika, amene akuthirira duwa la munthu amene anachoka. Imeneyo ndinaizimitsa pakati. Tsiku lina.

Dasom wafika waonda. Wavala sikafu ya amayi ake. Tinakonza zopita nazo kukachisi: maapozi, makeke a mpunga, chovala choyera choti tikachitenthe pamwambo. Akufunafuna chingwe anapeza kope langa lili chitsegulire patebulo, momwe ndinakoperamo mawu a nyimboyo, ndi zizindikiro zanga za popumira ndi pokweza, monga ndimachitira ndi ndakatulo zakale. Anawerenga ataima. Anafunsa kuti ndi chiyani chimenechi.

Ndinamuuza zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka za buku lofiira. Sanaseke. Anafunsa kuti n'chifukwa chiyani amayi ake sanamuuze iyeyo, amene ankaimba nawo nyimboyo m'khitchini ali ku sekondale.  Kenako anati kupita ku noraebang tsiku la mwambo, titavala zakuda, anthu adzatiyesa amisala, ndipo iye ali ndi tikiti ya basi ya 4 koloko, Lolemba kuli ntchito.

"Amayi ali moyo munkatseka chitseko, bambo. Lero mukufuna ndikuwombereni m'manja?"

Ndinati ayi. Ndinati ndikungofuna adziwe komwe ndidzakhale.

Anatsuka mbale yekha, mwakachetechete. Chitseko cha chipinda chowerengera ndinachisiya chotsegula, ngakhale panalibe chomvera.

Lamulungu, 20 Okutobala

Tsiku la 49. Kumwamba kopanda mtambo.

Kukachisi zonse zinayenda bwino. Amonke anapemphera nthawi yaitali, mawondo anga anadandaula. Tinagwada, tinathira tiyi, tinatentha chovala kuseri kwa kachisi. Utsi unakwera mowongoka. Mlongo wanga anati ndi chizindikiro chabwino. Dasom anagwira mkono wanga potsika masitepe, mwina chifukwa cha mawondo basi.

Titadya nkhomaliro abale anabalalika. Dasom anati andiperekeza mpaka kumsika, poti ndi njira ya kusiteshoni. Pakhomo la shopu ya makeke anaima ndi chikwama chake. Ndinakwera ndekha.

M'chipinda chachitatu ndinapeza Bokhui ndi anzake awiri aja, atavala zakuda, aliyense ndi tambolini. Pakona, pafupi ndi fani, anasiyapo malo, ndi kapu ya tiyi wa balere. Ndinabaya nambala ndekha. Ndinatsitsa kasanu ndekha.

Kaluzu. M'manja kanayi. Ndiye pali kampata nyimbo isanayambe, pomwe okonda gululi amafuula mayina a atsikana asanuwo motsatana. Bokhui anandiuza dzana kuti Miran ndiye ankatsogolera zimenezo. Amayi atatuwo anaimirira nafuula, koma osati mayina a atsikanawo. Kasanu konse, dzina limodzi. Miran, Miran, Miran, Miran, Miran.

Ndinachedwa kulowa, kuposa masiku onse. Koma ndinalowa. Mvula yatha, ambulera siya. Mawu ankafika ndithu. Bokhui ankandimenya paphewa ndi tambolini kuti ndigwedezeke, ndipo ndikuganiza kuti ndinagwedezeka.

Kenako panafika pothamanga paja. Mzere woyamba ndinaugwira. Wachiwiri unandipulumuka, wachitatu sindinauone n'komwe, zilembo zikungosintha mtundu ine ndili kukamwa yasa. Ndipo mawu ena anatola pomwe ndinagwetsa, pa maikolofoni yachiwiri, osaphonya chilembo. Sindinamve chitseko chikutseguka. Dasom anali ataima pakhomo, chikwama chikadali paphewa, misozi ikutsikira mu sikafu, pakamwa pakuthamanga ngati pa amayi ake. Atamaliza mizere yake anandiloza ndi chibwano kuti kolasi ndi yanga.

Tinamaliza limodzi, iye pamwamba, ine pansi.

Makina analiza malipenga ake n'kuonetsa mamalikisi. Bokhui anati 71, ndipo achemwali akanati ndi zamanyazi. Ndinayang'ana wotchi: 3:40. Ndinauza Dasom kuti akathamanga basi aipeza.

Anatula chikwama pampando, pambali pa kapu ya tiyi. Anatenga kakhadi m'manja mwanga, nakayang'ana mbali zonse ziwiri.

"Yachiwiriyi mukuidziwa, bambo?"

Ndinati ayi.

"Khalani pansi mumvere. Kenako ndi inu."

Ndipo anayamba kubaya.