Makandulo a Agogo Rivka

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Etobicoke, kutsidya la nyanja, tilipo, kungoti chisanu chikuluma mpaka m'mafupa. Mdzukulu wanu Alinafe wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Achimwene alemba kuti kumudzi chimanga chachita bwino chaka chino.

Ine ndinapeza ntchito yosamalira gogo wina wachiyuda, Agogo Rivka. Amayi inu, malamulo ake! Mbale za nyama pazokha, za mkaka pazokha. Loweruka sayatsa ngakhale getsi. Paja munkati safunsa anadya phula, ndiye ine ndimafunsa mpaka iwo kuseka.

Lachisanu lililonse dzuwa lisanalowe amayatsa makandulo olandirira Sabata, kenako n'kuphimba maso popemphera. Koma manja awo ayamba kunjenjemera. Tsiku lina machesi anagwera pansalu ya patebulo, mwana wawo n'kunena kuti basi, makandulo achotsedwe. Agogowo anasiya kudya.

Ndinati ndiziwayatsira ine. Anakana. Akuti lamulo si ntchito yoti ingochitika, limafuna manja a mwini wake. Ndinafunsa ngati Mulungu angakwiyire nkhalamba yodwala. Akuti ayi, sachita chifukwa cha mantha. Mulungu analamula, iwo amayankha ndi manja, kaya mtima uli bwino kaya uli gwa. Mayi awo anaphedwa pankhondo ku Ulaya, manda awo sadziwika. Chimene Agogo anatsala nacho ndi makandulowa, poti mayi awowo ankayatsa chimodzimodzi.

Ndinakumbukira mmene munkatidzutsira kupemphera ngakhale tsiku limene tagona ndi njala. Munkati mwambo uli ngati mtolo wa nkhuni, umalemera panjira koma kunyumba umaotha. Ine ndinkangoti ndinu ovuta.

Tsono ndinapempha mwana wawo kuti makandulo abwerere, ndipo Lachisanu ndiziweruka mochedwa, ndizikhalapo poyatsa. Anavomera monyinyirika. Dzulo Agogo anakhwatcha okha machesi, ine nditawachirikiza chigongono. Moto utagwira anaphimba maso. Ine ndinalira, Amayi. Pamene manja anu ankanjenjemera ine ndinali kuno, anakugwirani ndi ena, ndipo ngakhale dothi pamanda anu sindinathire. Zimandiwawa.

Sindine Myuda, ndipo zambiri sindizimvetsabe. Koma ndikulonjeza kuti Lachisanu sindidzajomba. Dzanja lomwe ndinalephera kukugwirani nalo lidzachirikiza chigongono chimenechi mpaka kandulo yomaliza.

Ndimakukondani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Esinati