Msuzi Umene Ndinaukana

Parklands, Kitwe
9 Okutobala 1966

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Kodi bondo lija lasiya kutupa? Nanga atate akutha kupita kudimba? Ife kuno tilipo. Bambo a Annet akugwirabe ntchito mu ofesi ya kumgodi, ine ndikuphunzitsa. Achimwene a Pius, ndikudziwa kuti ndinu mukuwerengera amayi kalatayi. Chonde musadumphe kalikonse, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi.

Mdzukulu wanu Annet anagonekedwa m'chipatala masabata awiri. Mutangochoka, kutsegula m'mimba kunayambiranso, mimba inatupa, miyendo n'kutsala ngati timitengo. Tsopano watuluka ndipo matenda ake adziwika.

Adokotala akuti pali ana ena amene matumbo awo sagwirizana ndi tirigu. Mu ufa wa tirigu muli chinthu chomata, chija chimakakamira m'manja pokanda mandasi. Chikalowa m'mimba mwa mwana wotere chimawononga matumbo, chakudya n'kumangodutsa osamupindulira. Mankhwala ake palibe. Ayenera kusiyiratu buledi, mabisiketi ndi chilichonse chokhala ndi tirigu. Chimanga, mpunga ndi mbatata zilibe vuto. Anatiuzanso kuti tizimumwetsa msuzi wa nkhuku kuti thupi libwerere.

Ndinaona ngati n'zosavuta, poti mapaketi a supu wa nkhuku anali odzaza m'kabati. Koma nditawerenga timalemba ta kuseri kwa paketi, ndinapeza kuti amathiramo ufa wa tirigu kuti msuzi uzilimba. Ndinayenda masitolo onse a m'tauni muno, Loweruka n'kukwera basi mpaka ku Ndola. Wa m'mapaketi, wa m'zitini, yense amene ndinamupeza anali ndi tirigu. Wogulitsa wina, ataona ndikupenyetsetsa timalembato, anandifunsa m'Chibemba ngati kwathu nkhuku zinatha. Anthu anaseka. Ine ndinatuluka ndikukumbukira inu.

Munayenda masiku awiri kuchokera ku Katete muli ndi nkhuku zitatu m'dengu. Mlendo ndiye amapheredwa nkhuku, koma ine ndinakulandirani ndi supu wa m'paketi, nkhuku zanu n'kuzibisa kuseri kwa garaja kuti anansi athu atsopano asazimve kulira. Inu munkaphika pambaula kuseri komweko, n'kumamwetsa Annet msuzi ndi phala la mpunga. Masabata atatu amenewo mwana ananenepa masaya, nayamba kuthamanga. Ine ndinati ndi mankhwala a m'botolo amene ndinagula.

Kenaka tsiku lija a Harriet, akazi a abwana a bambo a Annet, anabwera kudzamwa tiyi. Ndinakulandani kambale m'manja iwo akuona, ndikunena kuti ana a masiku ano sadyetsedwa zakumudzi, ndipo ndinampatsa mwana bisiketi. Munanyamuka Lachisanu lomwelo, mukuti mwakumbukira mtedza wosakolola. Ndinadziwa kuti mtedza munali mutakolola kale, komabe ndinakuperekezani kubasi. Akuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu ndimaphunzitsa ana m'kalasi.

Ndayesa kuphika ndekha. Kusukulu ya masisitere anatiphunzitsa makeke, osati izi. Nkhuku yoyamba inandipulumuka ndili ndi mpeni m'manja, n'kukalowa m'maluwa mwa a Harriet, amene ndi anansi athu. Yachiwiri ndinaphika, koma msuzi unali madzi okhaokha. Annet anamwa masipuni awiri, nakankha mbale, nati akufuna wa agogo. Kusikelo sanakwere sabata yonse ino.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, amayi, mvula isanayambe, mudzaime pambali panga mpaka manja anga adziwe. Bambo a Annet adzakuchingamirani ku Lusaka. Ngati mtima wanu sunapole, sindikudandaulani. Mungowauza achimwene alembe zonse, kuyambira muyezo wa madzi, kukula kwa moto, ndi chimene mumathira kuti msuzi ulimbe.

Mundiperekere moni kwa atate, kwa azakhali a Lenia, kwa alamu anga a Juliana ndi ana onse. Bambo a Annet akupereka ulemu wawo kwa apongozi.

Takhoma khola la nkhuku. Lili kutsogolo, pafupi ndi geti, kuti aliyense wodutsa azimva nkhuku zikulira.

Ndine mwana wanu wochimwa,
Felistus