Tiyi wa Aphungu

Skelbeck, Yorkshire
20 Disembala 2010

Okondedwa achemwali anga a Gillian,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Pieter, ndi kuti bondo lawo lija lasiya kuwazunza. Kuno tili moyo mwa chisomo cha Ambuye. Chipale chofewa chatitsekera m'nyumba, mabasi akuyenda mwa apo ndi apo, moti masiku ena amuna anga a Trevor akumabwerako kuntchito asanalize n'komwe injini ya basi yawo. Kusukulu kumene ndimaphikira ana kuja tinatsekera Lachisanu. Ndikanakuimbirani foni, koma pafoni inu mumandidula mawu ndipo ine ndimafulumira kulira, ndiye ndati bola ndilembe.

Ndili ndi pempho lokhudza Bethany. Koma mundilole ndiyambire kumene nkhani inayambira, chifukwa mukangomva pempho lokha muganiza kuti mwana wanga wasokonekera mutu, chonsecho wolakwa ndine.

Mwamva kale kuti fizi ya kuyunivesite kuno aikweza pafupifupi katatu, ndipo oyamba kuisenza ndi a msinkhu wa Bethany, amene adzalowe mu 2012. Akuti tisade nkhawa, ndi ngongole chabe, mwana adzabweza akadzayamba kulandira bwino. Koma inu mukudziwa mmene bambo athu anatilerera, kuti ngongole ndi chingwe cha m'khosi, ndipo ine ndi mmene ndamulerera Bethany. Lero ndimuuze kuti alowe m'dziko atavala kale chingwecho?

Mukuwakumbukira a Garside, mwana wa mayi Garside a kufamu ya kumtunda, amene ankakhala benchi la kutsogolo kwathu kutchalitchi? Ndiwo phungu wathu tsopano. Chisankho chisanachitike, opikisana onse anabwera mu holo ya tchalitchi kudzayankha mafunso monga mwa nthawi zonse. Bethany anaimirira n'kufunsa za fizi. Iwo anakweza dzanja n'kunena kuti, “Mwana wanga, dzanja ili silidzavomereza zokweza fizi. Ndikunena izi pabwalo la nyumba ya Mulungu.” Ine ndinawakhulupirira mpaka ndinayenda khomo ndi khomo kuponya timapepala tawo m'zitseko za anthu, agalu a m'tauni muno onse anandidziwa.

Mwezi watha ana a sukulu anatuluka m'makalasi kukachita zionetsero. Bethany anapita ku Leeds ndi mnzake Nasreen, atanyamula chikwangwani chimene anadula pa katoni ya firiji yathu. Anabwerako mawu atatha, mphuno ili psuu, koma nkhope ikuwala ngati tsiku limene analandira mgonero koyamba.

“Nanga boma lagwa, mayi woukira?” anatero bambo ake ali pa tebulo.

“Sekani, Adadi. Tsiku loti aphungu avote za fizi tikupita ku London, mudzationera pa TV.”

Apo m'pamene mantha anandigwira. Ndinali nditaona kale pa TV magalasi akusweka, mwana wa eni magazi ali chuchuchu pachipumi. Ndinamuuza kuti ku London sapita.

“Amayi, anthu onse akupita.”

“Onse ndani? Ine sindikupita, bambo ako sakupita.”

“Vuto lake ndi limenelotu.”

Ndinamuuza zimene ndakhala ndikukhulupirira moyo wanga wonse, kuti kukuwa pamsewu sikusintha kanthu, chinthu chilichonse chili ndi khomo lake lolowera, ndipo ife tili ndi munthu wathu m'kati mwa Nyumba ya Malamulo momwemo.

“Nanga akatigulitsa?”

“Sangatero.”

“Ndati akatero?”

“Akatero,” ndinatero ine, “ndidzawauza pamaso, kutchalitchi, mpingo wonse ukumva.”

Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Mawa lake malo ake a m'basi anapatsa mwana wina. Achemwali, mwanayu anasiya ulendo wake chifukwa cha mawu anga, ndipo lonjezo ndi ngongole, ndaidziwa tsopano ngongole imene ine ndinakongola.

Tsiku lovota tinaonera limodzi pa TV atangoweruka kusukulu. Tinaona apolisi a pa akavalo, utsi, ana atapanikizana ngati nkhosa m'khola. Nasreen anali m'gulu limene apolisi analizinga osalola munthu kutuluka, kunja kukuzizira chonchi, popanda ngakhale kokataya madzi. Lamulo linadutsa, ngakhale kuti mavoti sanasiyane kwambiri. M'mawa mwake mayina anatuluka, ndipo la a Garside linali pakati pa ovomereza. Bethany sanalire. Anangoti, “Lamulungu lomaliza Khirisimasi isanafike amawerenga mawu ndi iwo, eti?” Mukudziwa mwambo wathu, phungu ndiye amawerenga Baibulo m'tchalitchi tsiku limenelo.

Musaganize kuti sindinakonzeke. Sabata yonse ndakhala ndikuyeseza mawu anga posenda mbatata kusukulu, mpaka mnzanga wina anandifunsa ngati ndayamba kukangana ndi mapoto. Anali mawu ochepa, opanda chipongwe: munalonjeza mwana wanga pamaso pa Mulungu, ndipo mwanama. Ndinapemphera kuti Ambuye andilimbitse mtima, ndipo dzulo podzuka ndinkamva kuti andiyankha.

Kutchalitchi a Garside anawerenga bwino, sindingawanamizire. Itafika nthawi yopatsana mtendere, anayamba kuyenda benchi ndi benchi monga achitira andale, kugwira dzanja la munthu ndi manja awiri. Bethany anandigunda ndi chigongono. Ndinawaona akuyandikira, mawu ali okonzeka pa lilime.

“Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, Lorraine.”

“Ukhalenso ndi inu.”

Pakamwa panayankha pokha, achemwali, ngati mmene bondo limadumphira dokotala akaligogoda. Ndinadzitonthoza kuti nthawi ya mtendere si yodzudzulira munthu, pa tiyi m'pamene pali poyenera. Ndinanong'oneza Bethany kuti adikire.

Mwezi uno wothira tiyi mu holo mapemphero akatha ndine. Ndinaima kuseri kwa chiketulo chachikulu chija, anthu ali pamzere, a Garside nawonso pamzere ngati wina aliyense, kumbuyo kwa mayi Oldroyd. Mwina akanadumpha mzere ndikanapeza poyambira. Holo inali yodzaza, ndipo Bethany anaima pambali panga atanyamula thireyi ya makapu.

“Kwazizira lero,” anatero atafika.

“Kwaziziradi. Mkaka ndithire?”

“Pang'ono chabe.”

“Nanga mayi anu, chiuno chija chikuchira?”

Ndinkadzimva ndikulankhula ngati ndikumva wailesi ya m'nyumba ya eni. Potambasula dzanja anagunda kapu, tiyi wotentha n'kunditayikira pa dzanja langa. Mukudziwa amene anapepesa? Ine. Ndinati pepani, n'kuwathirira wina. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti, “Masiku apitawa akhala owawa kwambiri kwa ine, Lorraine. Sizinali zophweka.” Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinati, “Ndikumvetsa.” Ndinawakulungira timakeke tiwiri ta Khirisimasi kuti akapatse mayi awo. Anathokoza, n'kusunthira kwa abusa.

Bethany anaika thireyi pansi mwakachetechete, kapu ngakhale imodzi osalira. Anatenga jasi lake n'kutuluka. Ine ndinatsala ndikuthira tiyi, chifukwa mzere unali usanathe, ndipo munthu sungasiye anthu pamzere.

Kunyumba tinamupeza atakhala pa masitepe, nsapato asanavule. A Trevor anayesa kundiikira kumbuyo, koma bola akanangokhala chete.

“Iwe, usawapachike amayi ako. Pakamwa ulibe iwe? Bwanji sunawauze wekha?”

“Ine ndinali ndi malo anga olankhulira, Adadi. Ndinawasiya chifukwa amayi anati awo ndi abwino kuposa anga.”

“Ukanapita ukanasintha chiyani? Anzako anapita, aphulapo chiyani kupatula chimfine? Zionetsero ndi zotenthetsa thupi basi. Ife tinaguba pamene boma linkatseka migodi, migodi ili kuti lero?”

“Aphungu ena anatembenuka chifukwa cha ana aja. Anachita mantha. Pang'ono pokha likanagwa lamulo lija. Nanga a Garside lero aopa chiyani? Keke?”

A Trevor anaseka, kenako anaona kuti akuseka okha. Bethany anatembenukira kwa ine, ndipo sanakweze mawu, chimene chinandipweteka koposa.

“Anzanga anali zikwizikwi, Amayi, koma anali kunja kwa mpanda, pakati pali akavalo. Inu munali nawo apa, atagwira kapu, alibe kothawira. Munawafunsa za mkaka.”

Ndinayamba kunena kuti pepa, iye n'kutseka maso ngati ndamumenya.

Tsono pempho langa ndi ili. Madzulo ake anatiuza kuti wakhala akufufuza za yunivesite ya kwanuko ku Groningen. Akuti amaphunzitsa zamalamulo m'Chingelezi ndipo fizi yake munthu angathe kuipirira. Wagula kale tikiti ya sitima yapamadzi yochokera ku Hull pa 28, ndi ndalama zake za kubekale kumene amagwira Loweruka. Akuti akufuna akaone malowo ndi maso, ndipo akakawakonda, akadzangomaliza mayeso adzapita osatembenuka. Ndinamufunsa kuti nanga kuno kwanu? Anati, “Sindikufuna kukalambira m'dziko limene munthu akakuwotcha ndi tiyi umapepesa ndiwe.” Sanakulembereni yekha chifukwa ndinamupempha kuti chimenechi chokha andisiyire ndichite ine.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, achemwali. Pamene inu munkakwera sitima yomweyo ndinaona mmene mayi athu anakalambira m'chaka chimodzi, ndipo ndinkanena mumtima kuti zimenezi sizidzandionekera ine. Ndinamuletsa ulendo wa tsiku limodzi kuopa kuti angandivulalire, lero ndikumutaya wathunthu.

Ngati mundifunsa kuti zionetsero zimathandiza kapena ayi, sindikudziwa. A Trevor akuti sizithandiza, ndipo lamulo ladutsadi, ana akuwa mpaka mawu kutha koma fizi ili pomwepo. Koma khomo langa loyenera lija nalonso landifikitsa pati? Ana aja akagona akudziwa kuti ananena. Ine ndinapereka mtendere umene ndinalibe, kenako ndinapita kutsogolo kukalandira mgonero ndi dzanja lomwelo. Chimenechi chikundidya kuposa fizi. Ndakwiyira a Garside, ndakwiyira boma, ndakwiyira a Trevor ndi nthabwala zawo, koma ndikagwada kuti ndipemphere, amene ndikumupeza patsogolo ndine ndemwe.

Lero m'mawa ndinalimba mtima n'kuimba foni ku ofesi yawo. Kunayankha makina, kundifunira Khirisimasi yabwino ndi kundiuza kuti atsekera mpaka chaka chatsopano. Ndinanenabe mawu anga onse aja, osaphonya ngakhale amodzi. Koma pomaliza ndinadzimva ndikuti, zikomo kwambiri, pepani pokuvutitsani. Ndinaika foni pansi n'kukhala pa mpando, osadziwa ngati ndiseke kapena ndilire. Kodi anatilera bwanji ife, achemwali?

Chikwangwani chake chija anachitaya pafupi ndi bini. Ndachitola, ndachipukuta, chili kuseri kwa kabati yathu. Akuti kumapeto kwa Januwale kudzakhalanso zionetsero ku Manchester. Ndinawafunsa a Trevor kuti basi yoyamba yopita kumeneko imanyamuka nthawi yanji, iwo anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndidzanyamulenso ketulo. Bethany sindinamuuze, ndipo inunso musamuuze. Malonjezo anga panopa ndi ndalama yosayenda. Ndikadzapita adzamva ndabwerako.

Chonde mukamuchingamire kudoko, sanayendepo yekha ulendo wotere ngakhale akudzionetsa ngati wamkulu. Musamunyengerere kuti abwerere chifukwa cha ine, ndipo musamuuze kuti ndalira polemba. Ngati sukuluyo ndi yabwino, muthandizeni kulowa, a Pieter amadziwa mayendedwe a zinthu kumeneko. Chifuwa chimamuvuta kukazizira ndipo sanena, mudzangomva akutsokomola kubafa, ndiye mumukakamize mpango wa m'khosi. Tiyi samwa wa shuga. Lamulungu akakana kupita nanu kutchalitchi musiyeni, si Mulungu amene wamukhumudwitsa. Ndimuikira m'chikwama keke ya Khirisimasi imene mumaikonda ija, ndi masokosi a alamu.

Moni kwa a Pieter ndi kwa anyamata. A Trevor akupereka moni, akuti muwauze alamu kuti ngongole ya mowa ija sanaiwale. Mundipempherere, chifukwa mapemphero anga sabata ino sakudutsa denga.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, achemwali, ndi mwana wanga akakhala m'nyumba mwanu. Uwu wokha ndikupereka ndikudziwa chimene ndikunena.

Ndine mng'ono wanu,
Lorraine